Jekete la apongozi

Mlandu wanga unayambira pakamwa. Kwa zaka zingapo ndinkauza aliyense wofuna kumva, kaya pamsika wa pa boma la Chadiza kaya pobwera ku tchalitchi, kuti ntchito ya a Madamu ndi yongokhala pampando n'kumakalipira anthu. "Bwerezani! Kwezani mawu! Musatipatse msana!" Ndinkati zimenezo ngakhale mwana wa giledi 4 akhoza kuzitha. Ndikalawako pang'ono ndinkaonjeza kuti gulu lathu la masewero likanakhala m'manja mwa munthu wamaso, bwenzi pano tikuoneka pa ZNBC. Munthu wamasoyo sindinkachita kumutchula dzina, poti aliyense ankaona kumene chala changa chaloza.

A Madamu ndi mphunzitsi wa Chinyanja pasukulu ina ya sekondale kuno, ndipo za masewero m'boma muno zimadutsa m'manja mwawo. Ana a sukulu akamakonzekera mpikisano wa NASAAZ, uja umayambira m'mazoni n'kukwera pa boma, pa chigawo, mpaka dziko lonse, amene amazungulira masukulu kukaona ngati sewero lili ndi mutu ndi miyendo ndi iwowo. Kale ankafika mpaka ku Vubwi, asanalidule dera limenelo kukhala boma palokha mu 2012, ndipo mpaka lero aphunzitsi a kumeneko amawaimbirabe foni usiku. Pambali pa ana a sukulu ali ndi ife akuluakulu: alimi, telala mmodzi, mayi wogulitsa zitumbuwa, anyamata a njinga zamoto. A chipatala akafuna kuuza anthu za katemera, a zaulimi akafuna kulankhula za kasungidwe ka chimanga, onse amagogoda kwa a Madamu, ife n'kumangoitanidwa kuti Loweruka kuli ntchito.

Ine m'gululi ndine mlembi. Anandisankha chifukwa cha dzanja labwino ndi njinga yolimba. Pabwalo amandipatsa mbali ya wapolisi wolowa kumapeto, wonena kuti "Tiyeni kupolisi" basi, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti akundipondereza. Pajatu ndinakulira pa wayilesi. Atate anga ankasimba za Julius Chongo ndi Poceza M'madzulo, momwe munthu mmodzi ankasandukira mudzi wonse ndi mawu okha, ndipo ifeyo tinakula tikumvera Sewero ya ku Lusaka ndi Kapalepale wa ku Malawi mphepo ikalola. Ndinali nditamvanso za Black Mamba wa Kabwe Kasoma. Sindinaonerepo, koma ndinkamutchula kawirikawiri.

Mwayi wanga unadza mu Julaye. A Madamu anaitanidwa ku Chipata pamodzi ndi ana awo amene anapambana pa boma, ndipo sabata yomweyo bungwe lina linali litalipira kale kuti tikachite sewero la maukwati a ana pabwalo la sukulu ina ya pulayimale cha kunjira ya ku Chanida. Nthawiyo sanaisankhe mwangozi. Kukolola kukatha, soya atagulitsidwa, chimanga chitapita ku depoti ya FRA, mnyamata amakhala ndi ya njinga ndi ya foni, ndipo kamtsikana ka giledi 7 kolembetsa mayeso sikaonekanso teremu yachitatu. Lamulo lilipo. Mu Disembala 2023 boma linasintha lamulo la maukwati kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka ngakhale utamangidwa mwa mwambo, ndipo kuyambira 1997 mtsikana akabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Koma lamulo lolembedwa ku Lusaka silidziyendera lokha kukafika m'midzi ya kwa Mlolo kapena kwa Zingalume. Limafuna ng'oma ndi anthu ovala zoseketsa.

Asanakwere, a Madamu anandipatsa envulopu ya ndalama za galimoto ya kanta ndi chakudya cha osewera. Kenako anatulutsa kope lawo lakuda, lomanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

"A Sekeletale, kope ili. Muyambire kumbuyo."

"Musade nkhawa, Madamu. Muyende bwino."

"Ndati kumbuyo."

Ndinaseka. Buku ndani amayambira kumbuyo? Usiku womwewo ndinayatsa tochi n'kuyambira kutsogolo, kumene kunali sewero. Nkhani yake inali ya mtsikana amene amalume ake amulonjeza kwa mkulu wina wa golosale posinthana ndi matumba a feteleza. Mtsikanayo atenga pakati thupi lisanakhwime, ndipo zinthu zivuta pobereka. Apa ndi pamene ndinapukusa mutu. M'malo mwa maliro, a Madamu analemba kuti mayi mmodzi alowe atamanga chitenje m'chiuno, anong'oneze amake a mwana, ng'oma ileke. Basi. Ndinati sewero ili lilibe mchere. Ndinatenga bolopeni n'kuikamo maliro athunthu, mtembo pamphasa ndi kulira komwe. Ndinachotsanso amalume n'kuikapo atate, chifukwa m'mafilimu a ku Nigeria amene timaonera pa boma wankhanza amakhala bambo. Ndinagona mochedwa, wokhutira.

M'mawa mwake zinthu zinayamba kundionetsa mano. Kalasi imene timayesereramo inali yokhoma, ndipo m'kati mwake munali thilanki ya zovala zathu zonse. Alonda anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti iwo za makiyi sadziwa. Ndinawauza kuti ndine dayirekita wogwirizira. Anati zikomo, n'kupitiriza kuwotcha mbatata yawo. Masana mtsikana wathu wamkulu wa m'sewero, amene kwenikweni ndi mayi wa ana awiri wa nkhope yachibwana, sanabwere. Nditapalasa kukafika kwawo, amuna ake anandilandira ataima pakhomo.

"Mkazi wanga si wa boma. Ndani anabwera kudzandiuza?"

Ndinawafotokozera za ufulu wa amayi, ndipo mawu ena ndinawaika m'Chizungu kuti alemere. Chitseko chinatsekedwa ndisanamalize.

Koma munthu wamaso sasowa njira. Ine ndimakhala chikamwini kwa akazi anga, ndipo pakhomo pa apongozi pali mlamu wanga wa giledi 9, mwana wochangamuka, woimba kwaya. Ndinamuuza kuti akhala mtsikana wa m'sewero, iye n'kudumpha ndi chimwemwe. Poti kalasi inali yokhoma, ndinaitanira gulu lonse kumudzi kwathu, kuseri kwa khola la apongozi, pamitengo ya mango yoyang'ana kudambo. Tinayamba dzuwa litapendeka, ndipo pofika pa maliro kunali kutayamba kuda.

Poyamba ankalira monyinyirika, ena akuseka. Ndinakwera pachitsa n'kukalipa, mawu a a Madamu ali m'kamwa mwanga: "Bwerezani! Lirani zenizeni! Mwanayu wafa!" Mlamu wanga anagona pamphasa, tinamufunditsa nsalu yoyera kuyambira kumutu, mapazi okha ali panja. Ndiye mayi wa zitumbuwa uja, amene anaika amake chaka chomwecho, anatsegula kukhosi. Anthuni, sindinamvepo zotere. Kunali kulira kuja kokoka, kodandaula ndi mawu, kofunsa wakufa kuti watisiyira yani. Anzake anagwirizira. Tsitsi linandiima, ndipo ndinadziuza kuti a Madamu zaka zonsezi ankangotaya nthawi.

Chimene sindinaganize n'choti mawu madzulo a Julaye amayenda. Ndipo m'mudzimo munali agogo ena aamuna amene anali chigonere kuyambira nthawi ya mvula, amene aliyense ankangodikira uthenga wawo.

Zimene zinachitika kumudziko ndinazimva pambuyo pake, aliyense akusimba mbali yake. Amayi anaphula miphika n'kumanga zitenje. Amuna anasiya bawo pakati. Mnyamata wina anatumidwa pa njinga kumudzi woyandikana, adzukulu n'kuyamba kufunsana za makasu. Masiku ano uthenga wa maliro sudikiranso amfumu: pasanafike ndi mmodzi yemwe pakhomo pa agogowo, foni inali italira kale ku Chipata, ina kwa mwana wawo wamwamuna ku Lusaka. Khamu litafika likulira, linapeza agogo ali pamoto, akukukuta chinangwa ndi mano awo otsala. Anadzutsa mutu n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Poona kuti palibe woyankha, anatenga ndodo yawo n'kutsogolera khamulo kulondola kumene kulira kunkachokera.

Anatipeza tili pachimake. Patsogolo pa onse panali apongozi anga aakazi, ndipo mayi sasokoneza mapazi a mwana wake. Anangoti "Mayo, mwana wanga!" n'kugwa chagada. Mtembo utamva mawu a amake unadzuka, nsalu yoyera ili kumutu. Za kuthawa kumene kunatsatira ndingonena kuti mpanda wa khola unagwa mbali imodzi, ndipo amene sanathawe anali agogo okha, chifukwa miyendo inawakaniza.

M'mawa ndinali pabwalo la amfumu, nditakhala pansi. Nduna inayala mlandu mosafulumira. Ndinalowetsa alendo m'mudzi osapereka moni kwa eni ake. Ndinaliritsa maliro popanda wakufa, kumene kuli kulaula mudzi. Ndinagoneka mwana wamoyo pamphasa ya mtembo. Ndinaika m'manda nkhalamba ikudya chinangwa. Pa zonsezi anati mbuzi imodzi, ndi nkhuku ya agogo yowapepesa. Pamenepo munthu wanzeru akanawomba m'manja n'kuthokoza. Ine ndinapempha kulankhula. Ndinati luso la masewero ndi chikhalidwe, ndipo ngakhale Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, nayenso ndi sewero la anthu ovala zovala.

Pabwalo panagwa bata. Amayi anaweramitsa mitu. Nduna inayang'ana amfumu, amfumu anayang'ana kumwamba.

"Akamwini, mwati zilombo ndi chiyani?"

Mbuzi zinakhala ziwiri.

Tili pomwepo panaima njinga yamoto. Anatsika mwana wa agogo uja ndi akazi ake, maso ali psu, atanyamula shuga ndi thumba la kabichi za pamaliro. Anakwera basi ya usiku, makilomita oposa 500 kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata, kenako enanso pafupifupi 80 a fumbi kudzafika kuno, foni itathima moto m'njira. Woyamba kuwalonjera anali atate awo.

Mbuzi ziwiri ndi nkhuku zinadya ndalama ya kanta yonse n'kulumako ya chakudya. Komabe tsiku la sewero linali lisanasinthe, ndipo ndinaganiza kuti njira yokha yotsukira dzina langa ndiyo kugwedeza bwalo. Ndinapempha ngolo kwa mnansi, ndi lonjezo lodzamuthandiza kutuma njerwa. Chotsala chinali zovala, poti thilanki inali ikadali m'kalasi. Amayi anati adzavala zawo. Koma telala wathu, bambo wa m'sewero wogulitsa mwana wake chifukwa cha feteleza, anafunika kuoneka munthu wolemekezeka, kuti kugwa kwake kumveke.

Apongozi anga aamuna ali ndi jekete. Analigula akugwira ntchito kumigodi ku Mufulira, lakhofi, la mabatani onyezimira, ndipo limayenda ndi chipewa chokhala ndi nthenga ya nkhanga. Salivala wamba. Limatuluka pa maliro a akuluakulu, pa misonkhano ya sukulu, ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti popita ku Kulamba ku Mkaika kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi. M'mamawa wa tsikulo, iwo atapita kudimba, ndinalowa n'kulichotsa pamsomali. Sindinabe. Ndinkati ndibweza madzulo asanadziwe.

Ng'ombe sizidziwa pulogalamu. Tinafika dzuwa litadutsa pamutu, osewera ali ndi njala, ng'oma itanyowa ndi madzi a m'chigubu. Galimoto yoyera ya bungwe inali itafika kalekale, ndipo mkulu wake ankangoyang'ana wotchi. Anthu anali atadzaza bwalo, ochokera m'midzi yonse yozungulira, wathunso womwe, popeza mbiri ya mtembo wodzuka inali itatilengezera kuposa chimkuzamawu. Kutsogolo kunali mipando: amfumu, a hedi, mayi wina wapolisi ndi kope lake, ndi a komiti ya makolo. Pakati pa a komitiwo, atavala shati yokha m'chisanu cha Julaye, manja atapinda pachifuwa, panali apongozi. Ndinali nditaiwala kuti ndi achiwiri kwa tcheya. Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawawo anali atakwapula kale mdzukulu wawo pomuganizira kuti wasinthanitsa jekete ndi nkhunda.

Ndikanatha kumuvula telala jeketelo kuseri kwa kalasi. Ndinaganizapo. Koma ng'oma inali italira, ndipo ndinadzilimbitsa mtima kuti majekete akhofi ndi ambiri m'dziko muno.

Telala wathu ndi katswiri woyerekeza anthu, ndipo mpaka lero amalumbira kuti sanachite dala, linamugwira ndi jekete. Anangolowa m'bwalo akukoka mwendo wamanzere, momwe apongozi amakokera kuyambira ngozi ya kumgodi, n'kutsokomola kawiri asanalankhule. Bwalo lonse linaphulika. Ana anagubuduka pansi, amayi anagwirana mapewa. Kenako analowa mlamu wanga atavala yunifomu yake yeniyeni n'kugwada: "Atate, ine ndifuna sukulu." Kuseka kunaleka. Kunayamba kung'ung'udza, mitu ikutembenukira kumipando. Ine ndili kumbali ndinkati ndi mphamvu ya zolemba zanga.

A Madamu ali ndi kachitidwe kawo koimitsa sewero pakati n'kufunsa anthu maganizo. Ndinali nditakaona kambirimbiri ndipo sindinaone chovuta. Telala atangolandira thumba la feteleza kwa wagolosale, ndinalumphira m'bwalo n'kukweza manja.

"Taimani! Makolo, amfumu, kodi bambo awa achita bwino?"

Mayi wina wa m'mudzi mwathu anaimirira asanalozedwe. "Ife tinkangomva mphekesera. Lero taona ndi maso. Shuga ndi sopo zija tinkaziona zikulowa pakhomo paja."

Shuga uti? Mkamwini nkhani za pakhomo amazimva pomaliza. Zinapezeka kuti mkulu wina wa golosale wa pamsewu anali atatumizadi katundu kwa apongozi kangapo, ndi mawu okhudza mlamu wanga. Zinapezekanso, koma mochedwa kwambiri, kuti apongozi anabweza zonse n'kumuthamangitsa wotumidwayo ndi mpini. Mbali yachiwiriyi bwalo silinkaidziwa. Mkulu wina wa imvi anaimirira n'kunena kuti sewerolo lalakwika, pakuti kwa Achewa atate alibe mawu pa ukwati wa mwana, mwini mbumba ndi malume. "Nanga amalume ake a mwanayu ali kuti?" Amalume ake enieni anali pomwepo, atakhala pa njinga. Anaigwetsa njingayo. "Ine sindinauzidwe! Alamu, mwana wa mlongo wanga mukumugulitsa ine ndili moyo?" Wagolosale weniweni, amene anabwera kudzagulitsa zakumwa, anamanga kreti yake mwakachetechete n'kulowera kunjira ya kumalire. Mayi wapolisi ankalemba osadzutsa mutu. Mlamu wanga anayamba kulira, ulendo uno popanda womuuza.

Apongozi anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono, akukoka mwendo wamanzere, ndipo palibe anaseka. Atafika pa telala anangoti, "Vulani." Anavala jekete lawo, anamanga mabatani onse, anakonza nthenga ya pachipewa. Kenako ananditembenukira.

"Akamwini, zikomo."

Anagwira mwana wawo padzanja n'kumapita. Maliro anga aja, amene ndinawalipirira mbuzi ziwiri, sanaonetsedwe n'komwe.

Chimene chimandizunguza mpaka lero n'choti mkulu wa bungwe uja anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Anati wayenda chigawo chonse cha Kum'mawa koma sanaonepo anthu akutengapo mbali motere, ndipo akufuna tikachitenso m'madera ena. Usiku umenewo akazi anga sanandiphikire. Anangondiikira bulangete pakhonde, ine n'kukagona mu shopu ya telala, pansi pa makina.

A Madamu anabwera mawu atasasa, atagona pansi m'kalasi ndi ana a eni sabata yonse. Nkhani inali itawapeza ali ku Chipata komweko. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anandikhazika pakhonde pawo, anamasula mphira wa kope, analitembenuza n'kundipatsa.

"Werengani mokweza, a Sekeletale. Muli ndi mawu abwino."

Tsamba loyamba la kumbuyo linali la alonda: paketi ya shuga mwezi ukatha, ndi kuwafunsa za mwendo wa akazi awo musanatchule makiyi. Lotsatira linali la osewera aakazi, aliyense ndi dzina la amuna ake kapena amalume ake, ndi tsiku limene a Madamu anapitako komaliza kukapempha. Pa mayi wa nkhope yachibwana panalembedwa kuti amuna ake savuta, amangofuna auzidwe iwo poyamba, ndipo mkazi abwerere dzuwa lisanalowe. Panali masamba a mafumu: uyu mumayamba mwaona nduna, uyu nkhuku, uyu amakonda atchulidwe poyamba pa malonje. Panali mndandanda wa midzi imene muli matenda aakulu, ndipo dzina la agogo athu linalipo, ndi mzere kunsi. Panali masiku osayenera kuitana anthu: tsiku lolembetsa feteleza wa FISP, tsiku la sikelo ya ana, sabata imene kuli chinamwali, tsiku lililonse limene depoti ikulipira. Panali mitengo ya kanta ya madalaivala osiyanasiyana, ndi chizindikiro pa amene amamwa.

Kenako panali tsamba la malamulo, lolembedwa ndi bolopeni yofiira yochongera mayeso. Munthu woipa m'sewero asakhale ndi mfunda, chifukwa kuno ukati Phiri wanyoza theka la bwalo, ukati Banda wanyoza theka linalo. Wosewera asasewere m'dera la kwawo nkhani yofanana ndi ya pakhomo pake. Zovala zonse zigulidwe pa salaula ku Kapata ku Chipata, kumene palibe angazizindikire, osabwereka m'mudzi. Osayerekeza kayendedwe ka munthu wodziwika. Osaimitsa sewero musanadziwe amene akhala pamipando. Ndipo pamwamba pa zonse, m'zilembo zazikulu, osalira maliro.

Ndinawerenga mpaka kumapeto. Panalibe lamulo ndi limodzi lomwe limene ndinalisiya lamoyo.

Atatenga kope lawo, a Madamu anandisimbira zimene anaphunzira kwa aphunzitsi awo ku koleji. Anati m'zaka za m'ma 1970 ophunzira a pa University of Zambia a gulu la Chikwakwa, m'mene munadutsa anthu monga Mapopa Mtonga ndi Stephen Chifunyise, ankatuluka mu Lusaka kukachita masewero m'zigawo, m'zilankhulo za eni dera. Mu 1979 kunachitika msonkhano ku Chalimbana kumene ochita masewero anayamba apita m'midzi kukamvera mavuto a anthu, sewero n'kubwera pambuyo. Kufunsa anthu pakati pa sewero kunachokera ku maganizo amenewo. Koma iwo akamafunsa funso pabwalo amakhala atayenda kale m'mudzimo, atadziwa amene adzayankhe ndi chimene chingaphulike. Ine ndinatola funso lokha, kuyendako n'kusiya.

Ndiye ndinaona ntchito imene ndinkati ndi yokhala pampando, chifukwa anandilamula kuti ndiziwaperekeza. M'mawa ali m'kalasi ndi ana a giledi 12 amene mayeso anali pafupi. Akaweruka, makope ochonga ali m'chikwama, amakwera kumbuyo kwa njinga yamoto, ine ndikupalasa pambuyo m'fumbi lawo. Kwa apongozi aakazi anakhala pamphasa n'kuyamba kuthandiza kusenda nsawawa, akucheza za mtengo wa soya ndi za chifuwa cha ana, mpaka lichero linadzaza asanatchule dzina langa. Kwa apongozi aamuna anapita ndi tambala wa m'khola lawo. Kumeneko ndi kumene kunatuluka nkhani ya mpini, ndipo a Madamu anainyamula nkhaniyo kukaitula kwa amalume, kwa amfumu, kwa a hedi, ndi kwa mayi wapolisi, amene anali atatsegula kale fayilo. Anapempha a tchalitchi kuti Lamlungu alengeze kuti bamboyo anakana ukwati wa mwana wake. Anapita kwa amuna a wosewera wathu, amene anawalandira ndi mpando ndi chikho cha thobwa, ine n'kundisiya panja ndi njinga. Usiku ankalemba lipoti la bungwe, uku foni ikulira: mphunzitsi wa kuzoni ina akufuna ng'oma, a chipatala akufunsa za Loweruka, kholo lina likufuna kudziwa chifukwa chake mwana anabwera ku Chipata wopanda juzi.

Lipotilo linali ndi vuto limodzi. Bungwe limafuna lisiti pa ngwee iliyonse, ndipo mbuzi ya mlandu ilibe lisiti. Ndinapereka nzeru yoti tilembe kuti kanta inabwera. A Madamu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa ndalama ya m'malipiro awo n'kubwezera mu envulopu. Anatsegula tsamba latsopano kumbuyo kwa kope, analemba dzina langa pamwamba, ndi ngongoleyo pansi pake.

Kunyumba ndinabwerera nditakonza mpanda wa khola ndi kuumba njerwa za kitchini ya apongozi aakazi, kuonjezera pa za mwini ngolo. Apongozi aamuna amandiyankha moni tsopano, koma jekete limagona m'sutikesi ya loko ndipo kiyi amayenda nayo m'khosi. Mlamu wanga ali kusukulu, ndipo wagolosale sanatumizenso kanthu pakhomo lililonse m'mudzimo, zimene mkulu wa bungwe anazilemba m'lipoti lake ngati chipatso cha luso langa. Masewero enawo tinakachita, amalume atabwerera m'malo mwawo, mayi wa chitenje akunong'oneza, ng'oma n'kuleka. Ndinaona amayi akupukuta misozi pamalo pomwe ndinkati palibe mchere. Uwapolisi anaupereka kwa mnyamata wa njinga yamoto. Ine ntchito yanga tsopano ndi kunyamula shuga wa alonda ndi kukhala panja pa nyumba za amuna a eni.

Mwana wa agogo wa ku Lusaka amaimba mwezi ukatha kufunsa za ndalama ya basi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, ndi ya kabichi. Agogowo, chidzukireni tsiku lija, sanagonenso. Amayenda okha mpaka kudimba. Sabata yatha anandiimitsa panjira n'kundikodola ndi ndodo, ine n'kutsika pa njinga ndikuyembekezera mlandu wina.

"Akamwini," anatero, "mayi wa zitumbuwa uja mumuuze asapite kutali. Tsiku langa likadzafika mudzabwere naye. Ana angawa ndinawamva tsiku lija, sadziwa kulira."